Lipoti la ulendo wa ku Baton Rouge, kwawo kwa baseball ya LSU

Akuluakulu a gulu anandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Baton Rouge kuti amene munatsala mumve mmene tinayendera, makamaka inu makolo amene ana anu ayamba baseball kuno ku Houston koma ntchito inakupanikizani. Ganizo la ulendowu linachokera kwa ana omwewo. Ambirife tinakulira mpira wamiyendo ndi wamanja, ndiye mwana akati akufuna kudzasewera baseball ku koleji timangogwedeza mutu, osadziwa kuti njira yake imadzera pati. Tinasankha Louisiana State University, imene anthu amangoti LSU, chifukwa ili pafupi, komanso chifukwa Alex Bregman, amene ana athu anakula akumuchemerera ku Astros, timu ya ligi yaikulu ya kuno ku Houston, anaphunzira komweko Astros isanamutenge mu 2015.

Tinanyamuka Loweruka mbandakucha pa msewu wa I-10. Ndi ulendo wa maola anayi ndi kanthu. Ana anagona mpaka ku Lafayette, koma anadzuka okha titakwera mlatho wa Atchafalaya, umene umayenda makilomita pafupifupi 29 pamwamba pa dambo, uku ndi uku mitengo itamera m'madzi. Amayi amsungichuma, amene madzi sagwirizana nawo, anatsinzina kuyambira poyambira mpaka pothera, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi.

Tinafika masewero asanayambe ndi maola angapo, koma pamalo oimika galimoto panali patadzaza kale anthu ovala zofiirira ndi zagolide, aliyense ndi tenti yake ndi moto wake. Bambo wina amavundula jambalaya, mpunga wophikira pamodzi ndi nkhuku ndi soseji, mumphika wachitsulo waukulu woti mwana angakhalemo, ndipo mthiko wake unali ngati nkhafi. Atamva kuti tachokera kutali anangoyamba kutigawira m'mbale zamapepala osafunsa zambiri. Ife tinamupatsa mandasi amene amayi anakazinga usiku. Analuma, n'kuyang'ana mbali zonse za mandasiwo, n'kufunsa kuti shuga wowaza pamwamba tamuiwala kuti.

Bwalo limatchedwa Alex Box. Mwini dzinalo anali wosewera wa LSU amene anapita kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kukafera kumpoto kwa Africa mu 1943. Bwalo lilipoli linatsegulidwa mu 2009 m'malo mwa lakale la dzina lomwelo, ndipo mumalowa anthu oposa 10,000. Ukangokhala pansi, maso amathamangira ku chikwangwani chachikulu chimene chili kuseri kwa mpanda wa kumanja, chimene amachitcha Intimidator. Pali nkhope ya kambuku ndi zaka zimene timuyi inatenga chikho cha dziko lonse: 1991, 1993, 1996, 1997, 2000, 2009, 2023 ndi 2025. Anachiika dala poti alendo azichiona nthawi zonse akamasewera. Ndi University of Southern California yokha imene ili ndi zikho zambiri kuposa apa, 12.

Matikiti athu anatimwaza, ena uku ena uko, ndipo ine ndi anyamata angapo tinagwera pafupi ndi agogo ena aamuna amene anati mpando wawo ndi womwewo chaka ndi chaka. Anali ndi kabuku kolembamo mpira uliwonse woponyedwa, pensulo ili kukhutu. Agogowa ndi amene anatitsegula m'maso. Pa zaka 8 za pachikwangwani paja, iwo samawerenga zikho ayi, amawerenga aphunzitsi: zisanu za Skip Bertman, chimodzi cha Paul Mainieri, ziwiri za Jay Johnson.

Pa Bertman anakhalitsapo, ndipo mpake, poti panja pa bwalo pali chiboliboli chake ndipo pamene amasewerera penipenipo pamatchedwa dzina lake. Munthuyu anayambira kuphunzitsa ana a sekondale ku Miami Beach, kenako anakhala wothandizira Ron Fraser ku University of Miami. Pamene amafika ku Baton Rouge kudzayamba ntchito mu 1984, mtima wa anthu kumeneko unali pa mpira wawo wa chimereka uja, ndipo ku baseball kumapita anthu owerengeka. Ntchito yake sinali yophunzitsa kuponya ndi kumenya kokha. Amayendera magulu m'tauni kuwanyengerera kuti abwere adzaonere, amalimbana ndi zoti bwalo likhale losamalika kuti munthu abwere ndi banja lake. Mu 1986 anaifikitsa timu ku Omaha koyamba, ndipo mu 1991 anabwera nacho chikho. Kuyambira 1996, kwa zaka zoposa 20 zotsatizana, panalibe yunivesite ina ku America imene kumalowa anthu ambiri oonera baseball kuposa LSU. Atasiya mu 2001 anakhala mkulu wa masewero onse a payunivesitepo mpaka 2008.

Za Omaha ndifotokozeko pang'ono, chifukwa dzinali mudzalimva kwa ana. Ndi mzinda wa ku Nebraska kumene kumachitikira College World Series chaka chilichonse mu Juni, kuyambira 1950. Matimu 64 ndi amene amalowa mpikisano wochotsana, koma ku Omaha kumafika 8 okha. Kwa mayunivesite ambiri kungofikako ndi chikondwerero. Ku Baton Rouge kufikako n'kubwerako chimanjamanja ndi maliro.

Amene anazimva bwino zimenezi ndi Smoke Laval, amene analowa m'malo mwa Bertman mu 2002. Anaifikitsa timu ku Omaha mu 2003 ndi 2004, koma itakanika kulowa ngakhale m'matimu 64 aja mu 2006, ntchito inathera pomwepo. Agogo aja anamutchula mothamanga ngati akudumpha chithaphwi. Ine ndinamumvera chisoni. Kwina kulikonse munthu wofika ku Omaha kawiri m'zaka zisanu akanamunyamula pamapewa, koma iye analowa m'nyumba imene mwini wake anali adakali pakhonde. Mainieri, amene anachokera ku Notre Dame, anapeza mpata wabwinoko: anatenga chikho mu 2009 atagonjetsa Texas, anafikanso mu fainolo mu 2017 n'kugonja kwa Florida, ndipo anapuma mu 2021 chifukwa cha thanzi, ngakhale mu 2024 anavomeranso ntchito ku South Carolina. Johnson anabwera kuchokera ku Arizona, ndipo m'nyengo zinayi zoyambirira watenga kale zikho ziwiri. Cha 2023 chinali cha mtima bii: Florida inawakwapula 24-4 pa masewero achiwiri mwa atatu a fainolo, mawa lake iwo n'kubweza 18-4.

Masewero atayamba, chinandigwira poyamba ndi phokoso la ndodo yomenyera. Ku koleji amagwiritsa ntchito yachitsulo, osati yamtengo ngati ku Astros, ndiye mpira ukagundika bwino imalira kuti ngwee, bwalo lonse n'kudzuka mpira usanafike n'komwe pakati. Agogo anati m'zaka za m'ma 1990 ndodozi zinali zaukali kwambiri, moti timu ya 1997 inamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kudutsa pamwamba pa mpanda) 188 m'nyengo imodzi, chiwerengero chimene palibe timu ya koleji inachipitirira, mpaka akuluakulu a masewero anasintha malamulo a kapangidwe ka ndodozo. Mnyamata wathu wina amene amaponya ku timu ya kusukulu kwake sanayang'aneko n'komwe kwa omenya. Maso ake anali pa woponya ndi pa chikwangwani chimene chimaonetsa liwiro la mpira uliwonse. Liwiro likadutsa mamailosi 90 pa ola amandigunda ndi chigongono. Pakati pa masewero woponyayo anayamba kutaya mipira pambali, omenya awiri n'kupita ku base yoyamba ulele, osamenya mpira. Mphunzitsi anatuluka pang'onopang'ono, manja m'thumba lakumbuyo, n'kukaima pa kachulu kamene woponya amaimapo. Analankhula mawu ochepa, n'kutambasula dzanja. Mnyamatayo anaika mpira m'dzanjamo n'kutsika mutu uli pansi, anthu akumuombera m'manja. Wathu uja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye basi sabwereranso?" Ndinati lero ayi.

Kunena zoona amayi ena anatopa, pakuti zigawo 9 zimatenga maola atatu ndipo nthawi zambiri umaona ngati palibe chikuchitika. Koma chakumapeto, zigoli zitayandikana, phokoso la m'bwalomo linandikumbutsa pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers, ndipo amene amati akufuna kukadikira m'galimoto ndi amene anatha mawu.

Nkhani imene tinapitira kwenikweni ndi ya osewera, ndipo apa ndi pamene tinatsutsana. Dzina limene lili pakamwa pa ana ndi la Paul Skenes. Anayambira ku Air Force Academy, n'kusamukira ku LSU kwa chaka chimodzi chokha, 2023. M'chaka chimenecho anatulutsa omenya 209 osaukhudza bwino mpira, anatenga chikho, ndipo pamene matimu a ligi yaikulu amasankha osewera atsopano, Pittsburgh Pirates inamusankha kukhala woyamba pa onse, n'kumupatsa madola 9.2 miliyoni ongosainira. Mnzake wa timu yomweyo, Dylan Crews, anasankhidwa wachiwiri ndi Washington Nationals, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwa osewera a sukulu imodzi. Mu 2024 Skenes anakhala wosewera watsopano wopambana mu National League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu, mu 2025 n'kutenga mphoto ya Cy Young ya woponya wopambana. Abambo ena atamva za 9.2 miliyoni anayamba kumuyang'ana mwana wawo ndi diso lina.

Koma m'bwalo lomwelo muli manambala amene anawapumitsa, oti wina sadzavalanso, ndipo eni ake moyo unawatengera kosiyanasiyana. Nambala 19 ndi ya Ben McDonald, amene naye anasankhidwa woyamba pa onse mu 1989 ndi Baltimore Orioles. Mbiri yake ya omenya 202 ndi imene Skenes anadzaiphwanya. Anasewera mu ligi yaikulu, koma phewa linamuvuta, ndipo pofika 1997, asanakwane zaka 30, kuponya kunatha. Lero amaulutsa masewero pa wailesi ndi pa kanema. Nambala 36 ndi ya Eddy Furniss, amene anamenya ma home run 80 ali ku LSU n'kusankhidwa wosewera wopambana wa makoleji mu 1998. Pirates inamutenga, anavutika m'maligi ang'onoang'ono osafika pamwamba, kenako anabwerera kusukulu. Pano ndi dokotala ku Nacogdoches, muno mu Texas momwemuno. Amayi a gulu lathu atamva zimenezi anati uyu ndiye wosewera.

Ndiye pali Warren Morris, amene agogo aja pomutchula anatseka kabuku kawo. Mu 1996 anathyoka kafupa ka pamkono ndipo anajomba masewero ambiri, moti nyengo yonse anali asanamenyeko home run. Pa fainolo ndi Miami, chigawo chomaliza, LSU ikutsalira 8-7, awiri atatuluka kale ndipo wina ali pa base yachitatu, yomaliza munthu asanagoletse, mwayi womaliza unagwera iye, womenya wa kumapeto kwa mndandanda. Mpira woyamba womwewo anaukwapula, unadutsa pang'ono pamwamba pa mpanda wa kumanja, LSU n'kupambana 9-8. Osewera a Miami anangogwa pansi pomwe anaima. Mmodzi wa iwo anali Alex Cora, yemwe uja anadzakhala wothandizira mphunzitsi ku Astros mu 2017. Morris anapita ku Olimpiki ya ku Atlanta chaka chomwecho pansi pa Bertman n'kubwera ndi mendulo ya buronzi, anayamba bwino ku Pirates mu 1999, koma pofika 2003 za ligi yaikulu zinatha, ndipo anabwerera kwawo ku Alexandria, mu Louisiana, kukagwira ntchito ya kubanki. Ku Louisiana kulibe wosamudziwa, koma mkono umene unamenya mpira uja sunamudyetse moyo wonse.

Maganizo anga, ndipo ndinawanena m'galimoto pobwerera, ndi oti pamalo ngati aja chokhalitsa ndi mphunzitsi, bwalo ndi anthu a mphika wa jambalaya aja. Wosewera ndi mlendo wa zaka zitatu, poti malamulo amalola kuti matimu a ligi yaikulu amutenge akatha chaka chachitatu kapena akakwana zaka 21, ndipo masiku ano ena amangodutsa chaka chimodzi ngati Skenes. Kusankhako kuli ndi maulendo 20 okha kuyambira 2021, ndipo mwa osankhidwawo ambiri amathera m'maligi ang'onoang'ono. Komanso tisamaganize kuti mwana akalowa timu ya yunivesite ndiye fizi yatha. Kwa zaka zambiri timu yonse ya anyamata oposa 30 imagawana masikolashipu 11.7 okha, kutanthauza kuti ambiri amalandira kachidutswa, zotsalazo makolo n'kulipira. Malamulo anasintha mu 2025: tsopano timu imakhala ya osewera 34 ndipo sukulu ikhoza kulipirira onse ngati ili ndi ndalama, koma si sukulu zonse zili ndi thumba la LSU. Achimwene ena sanagwirizane nane. Anati tikamawerengera ana mwayi chonchi palibe adzayese n'komwe, ndipo Furniss yemweyo sakanakhala ndi nambala pakhoma akanamvera anthu ngati ine. Tinakangana mpaka ku Lake Charles, ana akumvetsera ngati agona.

Chinatikhumudwitsa ndi malo ogona. Tinalipiriratu zipinda, koma titafika usiku tinauzidwa kuti china anapatsa anthu ena, moti abambo tinapanikizana m'chimodzi, ena pansi. Ndalama ya chipindacho sinabwerebe, ndipo alembi akulondola. Ulendo wina tisadzasungitse malo mochedwa pa sabata imene LSU ikusewera pakhomo, chifukwa tauni yonse imadzaza kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu.

Ana ayamba kale kutchula za Omaha. Kumeneko ndi kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto, ndipo nkhaniyo tidzaikambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa. Amene simunamalize ya mafuta muonane ndi amayi amsungichuma tsikulo lisanafike.