Kafulashi kokulungidwa mu mpango

Anthu akandifunsa chimene ndimagulitsa, ndimati mapepala a nyimbo. Ambiri amaganiza kuti ndikunena fotokope, ndipo sakhala atalakwa kwambiri, chifukwa tebulo langa lili kuseri kwa kashopu ka fotokope kamene mayi a kunyumba amayendetsa kuno ku Katoto. Koma yanga ntchito ndi ina. Munthu amabwera ndi nyimbo imene waipanga pa kiyibodi kapena pa kompyuta, ine n'kuitulutsa mmenemo, n'kuiika pa pepala moti kwaya iwerenge ndi kuimba: sopulano mzere wake, alto wake, tenala wake, besi wake.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mzuzu chinkandidyetsa ndi kuimba kiyibodi m'maukwati ndi m'zinkhoswe, komanso kupangira achinyamata mabiti mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta. Mu 2020 Covid-19 itafika, zochitika za anthu ambiri zinachepa, kiyibodi inangokhala pakona itafunda chitenje. Ndi m'miyezi imeneyo mmene mkulu wina wa ku Chibavi, mphunzitsi wa kwaya amene anayamba kuimbitsa ine ndisanabadwe, anafika pashopu atakulunga kafulashi mu mpango.

"Mwana wanga," anatero, "mnyamata amene amatiimbira kiyibodi wapita ku Joni. Nyimbo zathu zatsopano zonse wazisiya umu. Akuti iwe ndi makinawa mumamvana. Tilembere manoti."

"Bambo, mubwere mawa m'mawa, mudzapeza zatheka."

Ndinalonjeza choncho chifukwa ndinkaona ngati n'kungotsegula ndi kupulinta. Mufulashimo munali mafayilo a MIDI ochokera pa kiyibodi ya Yamaha, ndipo pa laputopu ndinali ndi MuseScore, pulogalamu yaulere yolembera manoti. Nditatsegula fayilo yoyamba, sikirini inadera bii ngati pagwa linthumbu: timanoti ting'onoting'ono tomangidwamangidwa, zizindikiro zopumira paliponse, mawu onse anayi ataunjikana pamodzi, pansi pake mizere ina ya ng'oma, gitala ndi malipenga zimene kwaya sinazifune n'komwe. Chodabwitsa, ndikadina kuti iimbe, nyimbo inkamveka bwinobwino. Khutu linkati zatheka, diso linkati palibe angaimbe zimenezi. M'mawa mwake mkulu uja anavala magalasi, nayang'ana tsamba loyamba nthawi yaitali, kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Izi ndi zala za mnyamata uja. Ine ndimafuna nyimbo."

Mawu amenewo ndi amene anatsegula bizinesi yathu, ngakhale zinanditengera miyezi kuti ndiwamvetse. MIDI inayamba mu 1983, makampani opanga zida zoimbira atagwirizana kuti zida zawo zizimvana. Mufayilo yake mulibe mawu omveka ayi. Muli uthenga wokha: batani lakuti ladinidwa nthawi yakuti, mwamphamvu chotere, lasiyidwa nthawi yakuti. Noti iliyonse ndi nambala, kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C wapakati ndi 60. Nambala 66 ndi 66 basi, kaya wolemba nyimbo amafuna F sharp kapena G flat. Pulogalamu ya manoti imangoganizira, ndipo nthawi zina imaphonya. Fayilo sidziwa kuti noti iyi ndi ya alto, sidziwa pamene woimba akokere mpweya. Komanso munthu wodziwa kiyibodi sagunda ndendende ngati wotchi. Apa amatsogola pang'ono, apo amatsalira, ndipo ndiko kukoma kwake. Sequencer, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera uthengawu, imagawa kugunda kumodzi m'tizigawo tambiri, mu FL Studio 96 ngati sunasinthe, m'mapulogalamu ena 480, ndipo kuchedwa kulikonse imakusunga. Pulogalamu ya manoti ikalandira, imalemba kuchedwa konseko mokhulupirika. Linthumbu lija linachokera pamenepo.

Choncho ntchito yaikulu ndimaigwira fayilo isanachoke mu sequencer. Ndimayamba ndi kukopa, ya mwini ndimaisiya mmene yabwerera. Ndimachotsa ng'oma, zimene mwachizolowezi zimakhala pa njira yawoyawo yotchedwa channel 10, ndi zida zina zongokometsera. Kenako quantize, kukokera noti iliyonse pamalo pake. Achinyamata ambiri amaidziwa quantize ya poyambira noti, koma amaiwala pothera, pamene pa pepala pothera ndi pamene pamabala mavuto. Woimba kiyibodi akaponda pedulo, noti imamveka yaitali ngakhale chala chachoka kale. Mufayilo ndi yaifupi, ndiye pa pepala pamatuluka kanoti ndi popumira, pomwe kwaya iyenera kukoka mawu mpaka kumapeto. Zimenezi ndimatalikitsa ndi dzanja, imodziimodzi. Palinso nyimbo zoyambira pa kugunda kotsiriza kwa bar, kachigawo ka pakati pa mizere iwiri yogawa nyimbo. Mnyamata akaiyambitsa pa kugunda koyamba chifukwa ndi pamene sequencer yayambira, mizere yonse yogawa nyimbo imagwera posayenera kuyambira pamwamba mpaka pa Amen.

Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti kiyibodi si kwaya. Woimba kiyibodi amagwira manoti atatu ndi dzanja lamanja, limodzi ndi lamanzere, ndipo amasankha zimene zala zikufikira. Alto weniweni sayenda choncho. Masiku ano sindilandira fulashi yokha. Ndimapempha kuti andijambulire kwaya pa foni, ngakhale pa pulakatisi, atumize pa WhatsApp. Ndimavala mahedifoni, ndimabwereza kamzere kamodzi kakhumi, kufunafuna kumene amayi a alto akupita, kenako ndimaika liwu lililonse pa track yakeyake, ndiko kuti mzere wakewake mu sequencer. Fayilo ya ma track anayi oyera, noti imodzi pa nthawi, MuseScore imailandira bwino kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima ndikachiona pa mapepala a ena, ndipo ndichinene bwino. Nyimbo zathu zambiri, zija amayi amavina popita kukapereka chopereka, zimayenda zitatuzitatu: kugunda kulikonse kuli ndi tizigawo titatu. Pa pepala imeneyo ndi 6/8 kapena 12/8. Koma sequencer ukangoitsegula imakhala pa 4/4, ya zinayizinayi, ndipo opanga mabiti ambiri sasintha, chifukwa m'khutu sizisiyana. Fayilo yotere ikalowa mu pulogalamu ya manoti, pamwamba pa kagulu kalikonse pamabwera nambala 3, tsamba lonse tho. Zimenezo zitha kuwerengeka, ngakhale n'zotopetsa. Choipa ndi pamene munthu wachita quantize ya zinayizinayi pa nyimbo ya zitatuzitatu. Nyimbo imayamba kutsimphina. Ndinamvapo kwaya ikuimba motsatira pepala lotere, amayi akuyesetsa kuvina koma phazi likukana, ndipo iwo ankadziimba mlandu okha kuti mwina sakutha kuwerenga. Vuto silinali lawo. Ine ndimatambasula manoti onse ndi theka la kutalika kwake mu sequencer momwemo, kuti kachigawo kalikonse kakhale noti yodziimira payokha, ndiyeno ndimaika 12/8 kapena 6/8. Ndikakayika kuti ndi iti, kapena pamene manja akuwomba ziwiri mawu akuyenda zitatu, ndimadzuka pampando, ndimavina pang'ono pakati pa tebulo ndi makina a fotokope. Pamene phazi lagwa mwamphamvu, mzere wa bar ndimauika pomwepo.

Mawu a nyimbo nawo ali ndi zawo. Pulogalamu sidziwa kuti mu "mtima" m uja nthawi zambiri amaimbidwa payekha, m-ti-ma, kapena kuti "m'mwamba" imafuna manoti atatu. Pamene kiyibodi yagwira noti imodzi yaitali, oimba amakhala akutchula maphatikizo anayi pa noti yomweyo, ndiye ndimaiduladula motsatira pakamwa pawo. Nyimbo zambiri kuno ndi za Chitumbuka, ndipo apa ndi pamene bizinesi inasiya kukhala yanga n'kukhala yathu. Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Rumphi. Tsiku lina anasuzumira pa sikirini nati, "Bambo a mwana, liwu ilo mwalidula pakati, ndipo ŵ wanu watuluka ngati kabokosi." Zilembo zina za pa kompyuta zilibe ŵ. Kuyambira pamenepo palibe pepala limatuluka iwo asanaliwerenge.

Ndi iwonso amene anandiuza chinthu chimene ndinayenera kuchiona poyamba: makwaya athu ambiri sawerenga manoti a mizere isanu aja. Amawerenga tonic sol-fa, d r m f s l t, njira imene John Curwen anaifalitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1800 potengera ntchito ya Sarah Glover, ndipo kuno inafika ndi amishoni. Kumpoto kuno, kumene mishoni ya Livingstonia inazika mizu, agogo ambiri amaiwerenga ngati kalata. Mayi a kunyumba anaiphunzira ali mtsikana ku Sande sukulu. Ndiye tinagawana: ine ndimayeretsa nyimbo mu MuseScore, iwo amaitembenuza kukhala sol-fa, kutayipa ndi dzanja, madontho awiri pakati pa kugunda, kadontho kamodzi pa theka, kamzere pamene mawu akukokedwa, fe ndi ta pamene nyimbo yapatuka. Pamwamba timalemba kiyi. Apa napo timasamala, chifukwa oimba kiyibodi ambiri amakonda batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa kiyi zala zisanasinthe malo. Mnyamata amalumbira kuti nyimbo ili mu C chifukwa ndi mmene zala zake zinalili, pamene kwaya ikuimba mu E flat. Timakhulupirira chojambula cha pa foni chija.

Za ndalama sindibisa: si bizinesi yolemeretsa. Timalipiritsa pa nyimbo, osati pa tsamba, ndipo ya zitatuzitatu yoimbidwa popanda metronome, kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo, imakwera mtengo, chifukwa nthawi zina ndimachita kuiimbanso ndekha kuyambira poyamba. Makwaya amasonkherana, msungichuma n'kutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, ena theka lero theka pakutha pa mwezi. Ntchito imachuluka kukayandikira Pasaka, Khirisimasi ndi mipikisano ya makwaya. Miyezi ina fotokope ndiyo imatinyamula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inki ndi mapepala zinakwera moti tinayamba kutumiza PDF kuti akutali, a ku Karonga, Nkhata Bay ndi Mzimba, azikapulinta kwawo. Magetsi akathima ndimagwira ndi batire la laputopu mpaka litatha, kenako ndi pensulo.

Cholakwa changa chachikulu ndinachichita pa nyimbo ya mtsikana wina wa ku Luwinga. Mu FL Studio muli lamulo lokonzekeretsa nyimbo kuti ituluke ngati MIDI, ndipo limachotsa zida zonse zimene munthu anasankha n'kuikapo zotumiza uthenga chabe. Pulogalamu imachenjeza. Ine ndinali ndi changu, ndinadina, kenako ndinasunga pa fayilo yake yomweyo, ndipo iye analibe ina. Madzi akatayika saoleka. Ndinamuuza zoona, sindinamulipiritse, ndipo tinakhala masiku atatu kubwezeretsa chida chimodzichimodzi iye akukumbukira. Lamulo lokopa kaye lija linabadwa tsiku limenelo.

Kasitomala aliyense timamupatsa zinthu zitatu: pepala, PDF, ndi fayilo ya MusicXML. Yachitatuyi ambiri samvetsa ntchito yake, koma ndimaumirira. MusicXML, mosiyana ndi MIDI, imasunga zimene zalembedwa: dzina lenileni la noti, liwu la aliyense, mawu pansi pa manoti. Mu Ogasiti 2024 eni ake a Finale, pulogalamu imene anthu analembera nyimbo zaka zoposa 30, analengeza kuti asiya kuipanga. Amene anasunga MusicXML angathe kutsegula nyimbo zawo mu MuseScore kapena m'mapulogalamu ena a manoti monga Sibelius ndi Dorico popanda kuyambiranso. Ndikufuna kuti kwaya ya ku Mchengautuwa idzathe kutsegula nyimbo yake ngakhale kashopu kathu katatsekedwa.

Mnyamata wa ku Joni uja anadzabwera kutchuthi cha Khirisimasi. Mkulu uja anamubweretsa pashopu m'mawa wina wa mawawa, onse atavala majekete. Mnyamatayo anatenga pepala la nyimbo yake, nayendetsa chala pa mzere wa alto, n'kuima.

"Achimwene, apa ine sindinaimbe chonchi."

Ndisanayankhe, mkulu uja anati, "Iwe sunaimbe chonchi, koma amayi ako a alto amaimba chonchi. Tamvera." Anaimba kamzereko ndi mawu awo okalamba, chala chili pa sol-fa. Mnyamatayo anakhala pa kiyibodi yanga, nayesa njira yake, nayesa ya amayi aja, nabwerezanso. Sananene kuti yabwino ndi iti. Anangopisa m'thumba, natulutsa fulashi ina, nati muli nyimbo zitatu zimene anapanga usiku akaweruka ku ntchito. Nditatsegula yoyamba, ndinapeza ma track anayi, aliyense ndi dzina lake, ndipo pamwamba anali ataika kale 12/8.