Mmene ndinakwerera sitima ya malasha ku Darjeeling

Tikiti ndinagula ndisanafike n'komwe ku Darjeeling, tauni ya m'mapiri a Himalaya, pa webusaiti ya IRCTC imene imagulitsa matikiti a sitima ku India. Apa mpofunika kuwerenga bwino. Ulendo waufupi wopita ku tauni yapafupi ya Ghum n'kubwerera umakokedwa ndi mitu ya sitima yamitundu iwiri, wa dizilo ndi wa malasha. Wa malasha ndi wokwera mtengo ndipo mipando yake imatha msanga. Ine ndinasankha wa malasha, wam'mawa, chifukwa dzuwa likakwera mitambo imakonda kuphimba mapiri.

Ndinafika pa siteshoni kutatsala ola lathunthu, pasipoti ili m'thumba kuti igwirizane ndi dzina la pa tikiti. Ola limenelo musalitaye. Ndinaona anthu akuthira malasha ndi fosholo, akudzaza madzi, nthunzi ikutuluka m'mbali phwii! Mituyi ndi ya mtundu wa B, ndipo yambiri inapangidwa ku Glasgow, ku Scotland, pakati pa 1889 ndi 1925. Njanji yake, imene inamalizidwa mu 1881, ndi yopapatiza zedi, mamilimita 610 okha, pamene ya kwathu ku Malawi ndi 1,067.

Titanyamuka, sitima inayamba kuyenda m'mphepete mwa msewu wa Hill Cart, moyandikana ndi magolosale moti ukanatha kugwira nthochi zopachikidwa pakhomo. Chimene chinandigwira mtima ndi amuna awiri amene amakhala kutsogolo kwenikweni kwa mutu, n'kumawaza mchenga pa njanji ndi manja kuti mawilo asaterere pokwera chitunda. Ntchito yolemetsa, yochitidwa mosamala, m'chisanu cha m'mapiri muja.

Tinaima mphindi 10 pa Batasia Loop, pamene njanji imazungulira ngati nkhata kuti sitima ikwere pang'onopang'ono. Anaimanga mu 1919, ndipo pakati pake pali chikumbutso cha asilikali achi Gorkha, mtundu wa anthu a m'derali. Kumwamba kunali kowala, ndiye phiri la Kanchenjunga, la mamita 8,586, linaonekera lonse, loyera mbuu. Ndinaiwala n'kujambula komwe.

Ku Ghum, malo okwera mamita 2,258 kuchokera pa nyanja, tinapuma theka la ola. Ndinalowa m'kanyumba kosungira zinthu zakale za njanjiyi, imene UNESCO inaiika m'gulu la malo achikhalidwe cha dziko lonse mu 1999, kenako ndinamwa tiyi wotentha panja, mutu uja ukumwa madzi akenso.

Ulendo wonse unatenga pafupifupi maola awiri. Valani zovala zakuda ndi juzi, ndipo ngati mwakhala pawindo lotsegula tetezani maso, chifukwa timakala timauluka. Ine ndinatsika pa Darjeeling kolala ya shati ili bii, tsitsi likununkha utsi mpaka madzulo.