Zimene ndikuphunzira pa mapulogalamu oyendetsera nyumba zosungiramo katundu

Chigawo chino cha maphunziro anga a kayendetsedwe ka katundu chikukhudza mapulogalamu a pa intaneti oyendetsera nyumba zosungiramo katundu, amene anthu a ntchitoyi amangowatchula kuti WMS. Mapulogalamuwa sakhala m'kompyuta imodzi ya mu ofesi monga zinalili kale, koma munthu amalowamo kudzera pa foni, pa kompyuta kapena pa sikana ya m'manja (kachipangizo kowerenga zizindikiro zomatidwa pa katundu), kotero kuti bwana amene ali ku Durban, woyendetsa forklift (galimoto yonyamulira katundu wolemera) ku Kempton Park pafupi ndi Johannesburg ndi kasitomala wa ku Blantyre amaona kaundula mmodzimodzi pa nthawi imodzi. Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga SAP EWM, pamene ang'onoang'ono amalipira mwezi ndi mwezi mapulogalamu osavuta.

Johannesburg ilibe nyanja, komabe ili ndi doko lapamtunda ku City Deep, kumene makontena ochokera ku Durban amafika pa sitima komanso pa mathiraki odzera mumsewu wa N3. Kontena iliyonse ili ndi zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo nambala yomalizayo ntchito yake ndi kugwira munthu amene walemba molakwika.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya malo. Mu WMS shelefu iliyonse ili ndi adiresi yakeyake, yonena mzere, chipinda ndi msinkhu, ndipo katundu akafika amadutsa m'magawo odziwika: kulandiridwa, kuikidwa pamalo, kutengedwa pamene oda yabwera, kenako kukwezedwa m'thiraki. Pa gawo lililonse wogwira ntchito amasikana barcode (timizere takuda toimira nambala) ya katunduyo pamodzi ndi ya malowo. Barcode ya pa chinthu chogulitsidwa m'sitolo imakhala ndi manambala 13, ndipo imene imayamba ndi 600 kapena 601 ndi ya kampani imene inalembetsa ku South Africa; chizindikiro cha paleti yonse (thandala losanjikapo makatoni), chotchedwa SSCC, chimakhala ndi manambala 18. Pa zakudya ndi mankhwala, pulogalamu imatumiza munthu ku katundu amene tsiku lake lothera mphamvu lili pafupi, ngakhale atakhala kuti anafika dzulo lomwe. Koma pulogalamuyi ilibe maso, imangokhulupirira zimene yauzidwa. Paleti ikaikidwa pa shelefu ina popanda kusikana, ndiye kuti yasowa, ngakhale ili pansi pa denga lomwelo, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi athu amalimbikira zowerenga mashelefu ochepa tsiku ndi tsiku m'malo modikira chiwerengero chachikulu cha kumapeto kwa chaka.

Apa ndi pamene phunziroli likundikhudza ngati Mmalawi. Abale athu ambiri kuno ku South Africa amagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu, ndipo katoni ikasowa, chala chimayamba kuloza wantchito wapansi, makamaka akakhala mlendo. Kaundula amene amasunga dzina la amene anasikana, malo ndi ola lake angathe kumuyeretsa munthu wotere, chifukwa amaonetsa kuti katoniyo inachoka m'manja mwake ili yonse. Ndikudziwa kuti kaundula yemweyo amawerenganso liwiro la munthu aliyense, ndipo bwana wouma mtima angamugwiritse ntchito popanikiza anthu otopa. Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti wantchito ali pabwino pamene pali umboni wolembedwa kusiyana ndi pamene mlandu ukugamulidwa ndi mawu a kapitawo okha.

Kufooka kwa mapulogalamuwa n'kwakuti amadalira magetsi ndi netiweki. Mu July 2021 akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji ku South Africa, ndipo ntchito ya makontena m'madoko monga la Durban inasokonekera kwa masiku angapo. Kuzimazima kwa magetsi kwa chaka cha 2023 kunaphunzitsanso aliyense kuti nyumba yosungiramo katundu iyenera kukhala ndi jenereta komanso mafomu a pepala okonzeka.

Pa ntchito yanga ya kumapeto kwa chigawo ndasankha matransipota amene amatitengera katundu kupita kumudzi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza. Masiku ano chikwama chimalembedwa dzina ndi nambala ya foni ndi cholembera, ndipo mwini wake amangodalira kuimba foni kuti adziwe pamene thiraki yafika. Ndikukonza dongosolo laling'ono loti chikwama chilichonse chizimatidwa QR code, dalaivala azisikana ndi foni yake polandira, podutsa malire ndi popereka, ndipo wotumiza azilandira uthenga pa WhatsApp. Vuto limene ndikulimbana nalo tsopano ndi la netiweki ya pa msewu wa Tete, choncho ndikufuna kuti foni izisunga zimene yasikana n'kuzitumiza ikapezanso intaneti.