Sabata ya usiku pa πE1

Sabata ino ndinali pa shifiti ya usiku pa πE1, malo amodzi oyesera ndi ma muon ku Paul Scherrer Institut, likulu la kafukufuku wa sayansi ku Villigen, Switzerland, m'mbali mwa mtsinje wa Aare. Tikuwerenga tinthu timene phata la atomu ya aluminiyamu limalavula likameza muon, kanthu kofanana ndi electron koma kolemera kwambiri kuposa iyo.

Muon ikaima mu aluminiyamu imatsetserekera kuphata, n'kukhalapo ma nanosekondi pafupifupi 864. Mwa ma muon 100, pafupifupi 61 amamezedwa, ndipo phata limatulutsa neutron, mwa apo ndi apo proton, deuteron (proton ndi neutron zogwirana) kapena alpha (phata la helium). Anzathu a kafukufuku wa Mu2e ku Fermilab ku America ndi wa COMET ku J-PARC ku Japan akufuna kusaka muon yosanduka electron ya mphamvu ya 105 MeV mu aluminiyamu yomweyi, ndipo ma proton amenewa adzadzadza zipangizo zawo. Akufuna kudziwiratu kuti ndi angati.

Lolemba ndi Lachiwiri tinangolimbana ndi liwiro la ma muon. Kachitsulo kathu ka aluminiyamu, komwe ma muon ayenera kuima, n'kopyapyala ma micron 50 okha: ukawonjeza liwiro pang'ono amaboola n'kupitirira, ukachepetsa safikako. Kokhuthala sitingaike, chifukwa proton yobadwira mkati ingathere mphamvu isanatuluke.

Lachitatu silicon yopyapyala, chimodzi mwa zipangizo zozindikira tinthu totuluka m'kachitsulo, inayamba phokoso la magetsi. Tinazimitsa chilichonse chimodzichimodzi mpaka kunja kutayera, kenako mtsikana wa PhD anati, "Achimwene, waya wa ground wa pampu munaumanga?" Ndinali nditauiwala. Maola asanu ndi limodzi a beam ya ma muon anapita, ndipo zinandipweteka, chifukwa magulu ambiri amadikirira nthawi imeneyi.

Lachinayi chithunzi chinayera. Kanthu kakadutsa mu silicon yopyapyala n'kuima mu yokhuthala, mphamvu zimene kamasiya mu ziwirizo zimakaulula mtundu wake: mzere wa ma proton pansi, wa ma deuteron pamwamba pake. Aliyense anadzaunjikana pakompyuta.

Koma ine mtima wanga uli pa germanium, yoyezera ma X-ray, imene timaithira nayitrojeni wamadzi kuti izizizira. Muon iliyonse ikamagwa kuchoka pa sitepe ya 2p kufika pa 1s, sitepe yoyandikira kwambiri phata, imatulutsa X-ray ya mphamvu ya 347 keV, ndipo ndi apo timadziwira kuti ma muon amene anaimadi m'kachitsulo ndi angati. Popanda nambala imeneyo, ma proton onse aja sitingawagawe ndi chilichonse. Lachisanu usiku ndinakhala ndikuyang'ana nsonga ya 347 keV ikukwera pakompyuta, ndikulemba m'buku la shifiti ola lililonse, mpaka wam'mawa anafika.