Amene amaima pakhomo usiku wa Khirisimasi

Loweruka lapitali inali nthawi ya mphakati wathu, kagulu ka Akatolika oyandikana nyumba, kukolopa m'tchalitchi. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndiye matope amene anthu analowa nawo pa Misa ya m'mawa anali atakakamira pansi pa mabenchi ngati nkhoko mumphika. Tili mkati mokoka mabenchiwo, amayi ena achikulire a mu mphakati mwathu anaweramuka, nagwira m'chiuno, n'kunena kuti, "Apa tikuvutikira alendo. Pa 24 abwera eni ake a Khirisimasi, ife tikaima panja." Anthu anaseka. Ine mawuwo ndinapita nawo kunyumba, chifukwa mmodzi wa anthu amene amanenedwawo ndi mlongo wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi.

Ndine mmodzi wa olandira anthu pakhomo pa parishi yathu kuno kukomboni mu Lusaka. Timasonyeza anthu pokhala, timayendetsa mabasiketi a chopereka, timaongola mzere wa okalandira Ukaristia. Pakhomo limenelo ndaimapo zaka 6, ndiye nkhope za Lamulungu lililonse ndimazidziwa. Ndikudziwa agogo amene amafuna pazenera chifukwa cha chifuwa, ndikudziwanso bambo amene amalowa Uthenga Wabwino utawerengedwa kale. Koma usiku wa pa 24 Disembala ambiri mwa amene amandidutsa amakhala achilendo kwa ine.

Misa ya usiku kwathu imayamba 8 koloko, osati pakati pa usiku, poti anthu amabwerera wapansi m'tinjira tamdima todzaza madzi. Ikamakwana 7 koloko mabenchi adzaza kale. Timatuta mipando ya m'holo, kenako timabenchi ta ana a katekisimu, zikatha zimenezo anthu amangotsamira makoma, ena pamazenera, ena panja ndi maambulera. M'katimo mumamveka fungo la zitenje zatsopano zosachapa, mafuta odzola, lubani ndi majuzi onyowa. Inswa zimazungulira mababu, ana n'kumazitola pansi mobisa. Kutsogolo, pambali pa guwa, pamakhala khola limene achinyamata amamanga ndi mapepala a matumba a simenti, kuwakwinya ndi kuwapaka utoto kuti aoneke ngati miyala, pamwamba udzu weniweni. Bambo mfumu anatiuza mu 2023 kuti zinali zitakwana zaka 800 chiyambire mwambo umenewu, pamene Fransisko Woyera wa ku Assisi anakonza khola ku Greccio, ku Italy, m'chaka cha 1223. Lathuli mwana Yesu amaikidwamo usiku womwewo, ndipo ana amakankhana kuti asuzumire.

Nanga anthu onsewa amadzeranji? Sindibisa, ena amadzera zovala. Telala wasoka, tsitsi aluka tsiku lathunthu, ndiye payenera kupezeka poonekera. Ena amakokedwa ndi ana awo amene ali m'sewero la kubadwa kwa Yesu kapena akuvina ndi ma Stella, atsikana aang'ono ovina pa Misa. Ena ali ndi khanda lobatizidwa, abale abwera kuchokera ku Matero, ku Chawama, ku Kaunda Square, ena mwa iwo si Akatolika n'komwe. Aliponso amene amachokera kumowa, ndipo timawamva asanalowe. Amenewo timawakhazika pafupi ndi khomo, akagona timawasiya.

Koma gulu limene ine ndimaliona kwambiri ndi la amene alephera kupita kumudzi. Ife a kum'mawa Disembala akafika mtima umakhala pa Great East Road. Umayamba kuwerengera: tikiti ya basi pa Intercity yakwera, Chipata ndi makilomita opitirira 550, sungafike chimanjamanja kopanda shuga, sopo, mafuta ophikira ndi ndalama ya feteleza, ndipo Januwale akudikira ndi lendi komanso zofunika za ana kusukulu. Ukaonkhetsa zonse umangoti chaka chino ayi. Ndiye usiku wa pa 24 munthu uli m'kachipinda ka lendi, maganizo ali kutsidya kwa mlatho wa Luangwa. Malo amodzi okha mu Lusaka muno amene angakupatse nyimbo zomwe zija, ng'oma zomwe zija, mawu omwe aja amene unkamva uli pamsana pa amayi ako, ndi m'tchalitchi. Ndawaonapo azibambo akuluakulu akupukuta m'maso ndi chipewa kwaya itangoyamba nyimbo ya Chinyanja yakalekale.

Mlongo wanga amayendetsa minibasi yopita mutauni. Amadzuka 4 koloko, amaweruka mdima utagwa, ndipo Lamulungu nalo ndi tsiku la ntchito chifukwa ndalama ya mwini basi iyenera kukwana tsiku lililonse. Ukwati wake ndi mlamu wanga sanadalitse kutchalitchi, ndiye Ukaristia salandira. Chaka chonse sindimuona pakhomo panga paja. Koma usiku wa Khirisimasi amafika, malaya oyera atasita, chipewa kumanja, n'kuima pakona ya kumanzere kwa chitseko. Ndikamusonyeza mpando amapukusa mutu. Amaima pamenepo mpaka dalitso lomaliza.

Zaka zitatu zapitazo ndinamulakwira. Misa itatha ndinali wotopa, miyendo itatupa, komanso nditakwiya chifukwa azimayi awiri a mu mphakati mwathu anasowa pokhala. Nditamupeza pabwalo, m'malo momupatsa moni wa Khirisimasi, ndinamuuza pamaso pa mkazi wake kuti, "Iwe, Mulungu si wa Disembala yekha. Ukubwera kudzatani ngati chaka chonse sumudziwa?" Anakhala chete kanthawi. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, kodi amama ankamva Misa kangati pa chaka?" Sanadikire yankho. Ananyamula mwana wake n'kumapita.

Funso limenelo linandibweza kumudzi kwathu, kudera la Katete. Katchalitchi kathu kanali ka njerwa zosawotcha, denga la udzu, mabenchi ake mitengo yogoneka pa mphanda. Wansembe ankabwera pa njinga yamoto mwa apo ndi apo, ndipo mvula ikakhazikika, mtsinje ukadzaza, tinkatha miyezi osamuona. Lamulungu akatekisiti ankatitsogolera mapemphero, kuwerenga mawu a Mulungu ndi kuimba, koma nsembe ya Misa kunalibe. Ndiye Khirisimasi ikayandikira, amayi ankasiya khasu pakati pa kupalira, nthawi imene udzu sudikira munthu, n'kutitenga ulendo wa kuparishi. Tinkanyamuka kusanache. Nsapato ankazinyamula kumanja, zathu ndi zawo, atazimanga ndi luzi. Tikayandikira tinkaima pachitsime, amayi n'kutitsuka mapazi mmodzimmodzi ndi mwala, kutipaka mafuta, kenako iwo n'kumasula kamtolo kotulutsa chitenje chimene chinkakhala pansi pa sutikesi chaka chonse, chonunkhira sopo. Tikatero ndiye tinkavala nsapato n'kulowa. Pobwerera tinkadya mango m'njira, kunyumba kukudikira mpunga ndi nkhuku, zimene tinkaziona tsiku lomwelo basi.

Amayi ankamva Misa kangapo kokha pa chaka. Ndipo sindinaonepo munthu wopemphera ngati iwo.

Ndikudziwa kuti nkhani ya amayi ndi ya mlongo wanga si imodzi. Amayi Misa inali kutali nawo, pamene iye tchalitchi amaidutsa ndi basi kangapo pa tsiku. Muno mu Lusaka Misa ilipo m'mawa uliwonse, ya Chinyanja, ya Chibemba, ya Chingerezi, kungosankha. Mpingo umaphunzitsa kuti Mkatolika azimva Misa Lamulungu lililonse ndi pa masiku oyera olamulidwa, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Lamulo la Mpingo la kamodzi pa chaka limanena za kulapa, komanso za kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka, silinena kuti munthu azioneka pa Khirisimasi pokha. Ndimafunitsitsa mlongo wanga atakonza za ukwati wake, ndidzamuone ali pamzere manja atatambasula. Ndimamupempherera zimenezo pa kolona yanga. Chimene ndinasiya ndi kuganiza kuti ndikudziwa zimene zili mumtima mwa munthu woima pakhomo. Iye anaphunzira kwa amayi kuti pali usiku umene munthu amasiya chilichonse, amasamba, amavala choyera n'kupita. Zambiri anazitaya m'misewu ya mutauni muno, koma chimenecho akadali nacho, ndipo ine ndinatsala pang'ono kumulanda ndi pakamwa panga. Chaka chotsatira sanabwere. Ndinachita kupita kwawo ndi nkhuku kukapepesa.

Pali chinthu chimene okhala kutsogolo sachiona, koma ife apakhomo timachiona. Malamulungu anayi a Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, wansembe amavala zofiirira ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu siimbidwa. Usiku wa Khirisimasi ikabwerera, mabelu amalira, ng'oma zimagunda, nthungululu zimang'amba denga, ma Stella n'kuyamba kuponda. Nthawi imeneyo ine ndimayang'ana kumbuyo kwanga. Anthu aja amene sitiwaona chaka chonse amaiimba yonse, osaphonya liwu, opanda buku. Pa Uthenga Wabwino wa Luka mutu 2, pamene pamati Maria anagoneka mwana modyera ng'ombe chifukwa kunyumba ya alendo kunalibe malo, amene amaumva ataimirira m'matope ndi iwowo. Ndiyeno pa pemphero la Ndikhulupirira, tsiku la Khirisimasi mpingo wonse umagwada pa mawu onena kuti Mwana wa Mulungu anadzakhala munthu. Okhala m'mabenchi ali ndi pogwadira. Mlongo wanga amagwada pa simenti yonyowa, pamene nsapato za anthu onse zadutsa, thalauza lake labwino lija n'kuda m'mawondo. Palibe amene amamuuza kuti agwade.

M'mawa mwake, pa 25, kumadzazanso, koma khamu lake ndi lina, la mabanja ndi ana ovala zatsopano. Ena a kukomboni kuno amakwera basi kupita ku Cathedral of the Child Jesus ku Longacres, kuti tsiku la kubadwa kwa Mwana Yesu akapemphere m'tchalitchi ya dzina lake, kenako akajambulitse zithunzi ndi kukayenda kumasitolo a Manda Hill. Amalume athu samalola kuti tidutse pamalopo osatikumbutsa kuti iwo analipo mu 1989, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita Misa pabwalo limenelo kusanamangidwe kanthu. Tchalitchiyo inadalitsidwa mu 2006. Amalumewo tsopano miyendo inawakana, kutchalitchi sapita, Ukaristia amalandirira kunyumba, koma tsiku limodzi lija amalifotokoza ngati dzulo, mpaka kumene dzuwa linali.

Zikatha pamenepo mabenchi amayamba kupuma. Pa 26, tsiku la Stefano Woyera, timakhala ife tomwe tija. Pa 31 mzinda wonse umagona m'mapemphero. Paja dziko lino la Zambia linalengezedwa ndi Pulezidenti Chiluba pa 29 Disembala 1991 kuti ndi la Chikhristu, ndipo usiku wolowa chaka chatsopano umamva zimkuzamawu mbali zonse za komboni. Akatolika ena amapita kumapemphero ochezera a mipingo ina, ena amabwera kwathu, ena kumowa. Pa 1 Januwale, tsiku la Maria Amayi a Mulungu, limenenso Mpingo umapempherera mtendere wa dziko lonse kuyambira mu 1968, anthu amalowa maso ali psuu, ndipo mipando ya m'holo ija sitiitulutsa n'komwe.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti vuto lili kwa ife a tsiku ndi tsiku. Maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, a bungwe la AMECEA, anagwirizana mu 1973 kuti Mpingo uzikhazikika pa miphakati, kuti Akhristu azidziwana m'makomo mwawo. Koma anthu odzaza tchalitchi pa 24 amachokera m'mizere ya nyumba yomwe timakhala ifeyo. Timatunga nawo madzi pampopi umodzi, timagula tomato pathebulo lawo. Usiku umodzi pa chaka amabwera okha, osaitanidwa, ife n'kuwalandira ndi nkhope zowerengera mipando. Chaka china ndinamvapo ulaliki umene unayamba ndi kudzudzula obwera pa Khirisimasi pokha, anthu akutsogolo akuwomba m'manja. Ndinaona mnyamata wina pafupi nane akuwerama, kenako anatuluka mwakachetechete Misa isanafike pakati. Sindinamuonenso.

Pamsonkhano wa olandira anthu sabata yatha ndinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, tisasunge mabenchi ndi zitenje kapena mabuku a nyimbo kusungira anzathu amene sanafike, kupatula okalamba, odwala ndi amayi apakati. Chachiwiri, mphakati uliwonse ukhale ndi munthu panja Misa ikatha, wongopereka moni ndi kufunsa kuti mumakhala chakuti. Choyambacho chinabweretsa mkangano, ena akuti amene amapereka mtulo chaka chonse asaime. Sitinamalize, tikumananso Lachitatu.

Dzulo madzulo mlongo wanga anaimba foni, kumbuyo kukumveka kondakitala akuitanira anthu. Amafunsa nthawi ya Misa ya usiku. Ndinamuuza kuti 8 koloko, koma afike msanga kuti apeze pokhala. Anati, "Ayi asisi, malo anga ndikuwadziwa." Kenako anawonjeza kuti mwana wake wamkazi, amene wakwanitsa zaka 7, wakhala akumuvutitsa kuti akufuna kuona ma Stella pafupi, chifukwa chaka chatha ankangoona misana ya anthu. Ndamuuza kuti akafika andipatse mwanayo pakhomo, ndikamukhazika pamkeka wa ana kutsogolo, pafupi ndi khola. Diresi lake lili kwa telala, latsala kupinda m'munsi.