Labu yathu ndi kabotolo ka Frozy

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ku Dedza amangoganiza za chisanu, majuzi ndi mbatata ya kachewere. Imeneyo ndi Dedza ya kumtunda, ya ku Bembeke ndi pa boma. Ife tili kumunsi, ukatsika Khwekhwerere, m'chigwa choyang'ana kunyanja, kumene Okutobala akafika malata a chipatala amayamba kuthetheka 9 koloko isanakwane. Ndine medical assistant pa chipatala chaching'ono, ndipo sabata yathayi yandisiya ndi mkwiyo umene sukutsika.

Lolemba linali Lolemba basi: mzere wa OPD (kwa odwala osagonekedwa) mpaka pansi pa mtengo wa mango, mRDT yoyezera malungo, LA, panado, wotsatira alowe. Chimene chachuluka mwezi uno ndi mutu, chizungulire ndi kuphwanya kwa thupi, malungo osapezeka. Ndikafunsa kuti mwakodza kangati chidzukireni, ena amaseka, ena amayang'ana pansi, kenako amati kamodzi, wofiirira. Amayi ogulitsa tomato ndi usipa pamsika ndiwo sabisa. Samwa madzi dala, chifukwa chimbudzi cha pamsika n'cholipira, ndipo ukangochoka pa benchi kasitomala wapita kwa mnzako. Mapeto ake amabwera akumva kuotcha pokodza. Ndimawalembera mankhwala, koma tsiku la msika likadzafika adzachitanso zomwezo.

Lachiwiri ndi la BP ndi shuga. Agogo ena aamuna anali atasiya HCTZ, mankhwala a BP okodzetsa, akuti ankawadzutsa usiku pomwe chimbudzi chili kutali ndi nyumba. Kufunsitsa, ankamwa madzulo pogona. Tinagwirizana kuti azimwa m'mawa, nkhani n'kutha. Kunabweranso anyamata awiri a pulayimale amene magazi amatsatira kumapeto kwa mkodzo, likodzo lenileni la osambira m'nyanja ndi m'madambo, bambo wawo akuti iwo ankaona ngati anawo akukula. Praziquantel, mankhwala a likodzo, analipo, mwamwayi. Ma strip oyezera shuga ndiwo anatha kalekale, moti mayi wina wodandaula ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse ndinangomulembera kalata, akadzilipirire yekha ulendo.

Chimene chandilembetsa ndi cha Lachitatu usiku.

Alonda anagogoda kunyumba itadutsa 10 koloko. "A dokotala, kwabwera matenda pa ngolo." Anali bambo wa zaka za m'ma 30, waganyu wowotcha njerwa. Anakhala pa uvuni kuyambira Lolemba, usana dzuwa, usiku moto, kusonkhezera zikuni osapuma. Munthu wogwira ntchito yolemetsa pa kutentha kotere amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, mwina kuposerapo, ndipo thukutalo limatuluka ndi mchere womwe. Chimene iye ankabwezera m'thupi ndi makapu ochepa a madzi a pa chitsime chopondera dothi, ndi kachasu woti achotse tulo. Lachiwiri anayamba kutsegula m'mimba. Msana utayamba kuwawa, anzake anamugulira brufen pa okala, n'kumameza awiriawiri.

Maso anali atalowa, lilime louma. Khungu la pamimba nditalitsina linangoima chilili. Pa dzanja pulse (kugunda kwa mtsempha) sinkamveka, ya pakhosi yokha, yothamanga koma yopanda mphamvu. BP 80/50, yotsika kwambiri. Thupi moto, koma m'khwapa mouma gwaa. Munthu amene wakhala akuchucha thukuta kuyambira Lolemba analibe ndi dontho lomwe, ndipo ukamufunsa dzina ankayankha za nkhuni. mRDT inatuluka negative.

Ndinatembenukira kwa mkazi wake. "Mayi, abambowa anakodza liti komaliza?"

Anayamba wayang'ana alamu ake, ngati akupempha chilolezo. "Dzulo m'mawa, a dokotala. Pang'ono pokha, wakuda bii."

Tsiku ndi theka, impso zili chete.

Azachipatala tonse izi tinaphunzira ku koleji, koma ndizibwereza chifukwa zikuoneka kuti ogawa katundu anaziiwala. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubweza m'magazi pafupifupi onse, kungotsala lita imodzi ndi theka ya mkodzo. Madzi akachepa m'thupi, homoni yosunga madzi yotchedwa ADH imatuluka, impso zimaumira, mkodzo umachepa n'kuda, ludzu limakula. Mpaka pamenepo thupi likudziteteza, palibe cholakwika. Koma BP ikakhala pansi maola ambiri, magazi opita ku impso amaperewera mpaka timachubu take timayamba kufa, ndipo brufen amatseka njira imene impso zimadzithandizira nayo pofutukula mitsempha yake. Pali kanthawi kochepa pamene madzi okha angathe kubweza zonsezi. Kakadutsa, nkhani yake ndi ya dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, ndipo kuti waganyu wa njerwa wa kuno akafike kumeneko si masewera.

Munthu wa makilo 60 wofika pamenepa, buku lathu la malangizo likuti drip ya 30 ml pa kilo mu theka la ola loyamba, kenako 70 ml pa kilo mu maola awiri ndi theka. Malita 6 onse pamodzi. Mu famase munali Ringer's, madzi a drip, malita awiri. Awiri okha. Ku mateniti kunali botolo limodzi la normal saline, drip ya mtundu wina, koma a nesi anakana kulipereka, ndipo anachita bwino: pa leba panali mayi, ndipo akanayamba kutaya magazi m'bandakucha sindikudziwa kuti abale ake tikanawauza chiyani.

Ndinaimba foni kupempha ambulansi. Yankho lake mukulidziwa nonse. Galimoto ilipo, dalaivala alipo, mafuta otsala ndi a amayi oyembekezera okha. "Mumusunge kaye, tiona mawa." Kumusunga ndi chiyani, ndi malovu?

Tinayika kanula yaikulu, drip n'kuikoloweka pa chitsulo cha windo poti choimikira chinathyoka mwendo, alonda akufinya thumba ndi manja onse awiri. Mpopi wa chipatala ndi wouma chifere pampu ya sola, choncho mkazi uja ndi alamu ake anathamangira ku mjigo ndi ndowa mu mdima, tinanyowetsa zitenje n'kumufunda, mwana wawo wamkulu akukupiza ndi katoni. Mlangizi wa zaumoyo amene amakhala kuseri kwa chipatala anadzuka yekha atamva phokoso, n'kubwera ndi mapaketi a ORS a m'bokosi lake la village clinic. Alangiziwa sitiwatchula kawirikawiri, koma usiku umenewo ndiye anabweretsa malita amene boma silinatumize.

Catheter, chubu chotulutsira mkodzo, tinaipeza, thumba lake kulibe. Ndipo popanda kuyeza mkodzo sungadziwe ngati ukupulumutsa impso kapena ukungodzaza mapapo. Pano tilibe makina oyezera m'magazi mmene impso zikugwirira ntchito, a creatinine kapena a potassium. Chokhacho chimene chingandiuze zimene zikuchitika m'kati mwa munthu ndi zotuluka mu chubucho, zimene ziyenera kufika 0.5 ml pa kilo pa ola, kutanthauza 30 ml kwa bambo ameneyu. Ndinatola kabotolo ka Frozy, kukatsuka ndi chlorine, kumata pulasitala m'mbali mwake kuchokera pansi mpaka pakhosi. Kenako ndi syringe ndinkathiramo madzi 30 ml, kulemba mzere ndi bolopeni, 30 ml ina, mzere wina, mpaka pulasitala yonse inadzaza. Ndinakhuthula madziwo, kulumikiza chubu cha drip, kabotolo n'kukamangirira ku mwendo wa bedi ndi bandeji. A infection prevention, oona za ukhondo m'chipatala, musavutike kundilembera, zonsezo ndikuzidziwa.

Achimwene ake a wodwala anaona kuti kabotolo sikakusintha, ndipo anandikokera pambali. "A dokotala, bwanji osangowabaya jakisoni wokodzetsa uja? Amalume athu anabayidwa, anakodza usiku wonse."

"Achimwene, jakisoni ameneyo amatulutsa madzi amene alipo. Amalume anu anali otupa, awa ndi ouma. Kuwabaya pano kuli ngati kupopa mjigo wophwa, mungothyola chogwirira."

Sanakhutire, ndinaona. Kwa anthu athu, dokotala wosabaya jakisoni ndiye kuti sakuchita kanthu. Ndipo ndikudziwa kuti alipo anzathu ena amene akanabaya Lasix, jakisoni wokodzetsayo, kuti gadiyani asiye kuwavutitsa.

Lita yoyamba itatha, pulse inabwerera pa dzanja. Yachiwiri ndinaichepetsa liwiro, osati chifukwa buku likutero, koma chifukwa kumbuyo kwake kunalibe ina. Cha m'ma 1 koloko anatsegula maso n'kupempha madzi. Apa ndiye ntchito inachoka m'manja mwanga kupita kwa mkazi wake. Tinasungunula paketi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, iye n'kukhala pamutu pa bedi, kumutsamiritsa mwamuna pachifuwa pake, sipuni ndi sipuni, kenako kapu pang'onopang'ono. Atasanza, mayiyo anandiyang'ana mwamantha. Ndinati dikirani mphindi 10, muyambirenso. Sanagone, sanadandaule, ankangowerenga makapu ndi miyala ing'onoing'ono imene ankaika pa windo.

2 koloko, kabotolo kouma. Pamenepo m'mutu mwanga munali kale kalata yopita ku dialysis ndi nkhope ya mayi uja pomva mtengo wa ulendo. Cha m'ma 3 ndinawalitsa tochi ya foni, ndipo mu chubu munali kanthu kakuda kakutsika pang'onopang'ono. Sikanafike ngakhale theka la mzere. Pofika 5 koloko mzere woyamba unakwana. Ola lotsatira mzere wina wathunthu, mtundu ukuyamba kuyera. Kutacha, pachipumi pake panatuluka timadontho ta thukuta, mkazi wake n'kumapukuta msangamsanga poganiza kuti matenda abwereranso. Ndinamuuza kuti asiye, limenelo ndi thupi lapezanso madzi oti litaye.

Ndikufuna anzanga mukumbukire mmene zinalili posachedwapa. Kolera atabuka ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, anthu oposa 1,700 anamwalira. Nthawi imeneyo, makamaka kampeni ya Tithetse Kolera itayamba mu Febuluwale 2023, pano panali tenti, makatoni a Ringer's osanjikizana, ndowa za mpopi pakhomo lililonse, chlorine wosasowa. Magalimoto a mabwana ankatsika phiri mosalekeza. Kolera atazilala, zonse zinazilala naye limodzi, ngati kuti munthu amatha madzi m'thupi pokhapokha pakakhala mliri wolengezedwa pa wailesi. Wowotcha njerwa, wosenza mchenga, wakabaza, mayi wolima m'dimba masana, onsewa amauma chaka ndi chaka Okutobala akafika, kungoti samalowa m'lipoti la aliyense.

Ambulansi inafika Lachinayi masana, itabwera kudzatenga mayi wa ku mateniti, wodwala wanga n'kukwera nawo ngati matola. OPD ndinaiyendetsa osagona. Mwana wa chaka chimodzi anabwera akutsegula m'mimba, wa Plan B, kutanthauza ORS 75 ml pa kilo mu maola anayi, ndipo anamalizira paketi yotsiriza. Wotsatira wake anapeza zinc yekha. Ndinayamba kufotokozera amayi ake za masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi, iwo n'kundidula: "Shuga wake uti, a dokotala?" Tinathera pa phala lamadzimadzi lothira kamchere, madzi a mpunga ndi kuyamwitsa pafupipafupi. Ife eni ake ophunzitsa anthu kumwa madzi timakhala tsiku lonse osamwa, chifukwa chimbudzi cha ogwira ntchito n'chogejemula ndipo chinatsekedwa, chokumba chili ndi mzere wa odwala. A nesi athu akumwa okha mankhwala a chikhodzodzo sabata ino.

Lachisanu kunabwera a supervision, oyendera zipatala aja, aliyense botolo lake la madzi ozizira m'manja. Anatsegula ma register, kuwerenga mizere imene sinadzazidwe, kufunsa chifukwa chake lipoti la mwezi watha linachedwa. Atapeza pepala limene ndinajambulapo madzi olowa ndi otuluka a bambo uja, anati si fomu yovomerezeka. Ndinati fomu yovomerezekayo munatibweretsera liti? Wina anaona kabotolo kaja pa sinki, pulasitala ikadalipo, n'kunena kuti zinthu zotere zimachititsa manyazi chipatala alendo akabwera. Ndinatulutsa makope a maoda onse amene ndinapemphamo Ringer's ndi matumba a mkodzo, ndinawaika pa tebulo. Anawayang'ana pamwamba, n'kunena mawu aja timawamva nthawi zonse: "Tikafika tikazitsatira." Za wodwalayo sanafunse n'komwe kuti ali moyo kapena ayi.

Ali moyo. Loweruka mnzanga wa kumene tinamutumiza anandiuza kuti magazi asonyeza kuti impso zinavulala koma zikubwerera, akukodza bwino, wayamba kudya phala. Akuti akufunsa tsiku lotuluka, chifukwa mwini njerwa wakana kulipira, ati uvuni unasiyidwa usanapse. Madzulo ake ine ndi mlangizi uja tinapita kwa anzake otsala pa mauvuni. Tinawauza kuti aliyense akhale ndi chigubu chakechake cha malita 5, amwe ludzu lisanafike, ndiwo zikhale za mchere, ayang'ane mtundu wa mkodzo wawo, ndipo ukada kapena ukasowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo abwere, asadutsire pa okala. Anamvetsera, ena akuseka za mkodzozo, koma za brufen anafunsa mafunso ambiri.

Pamene ndikulemba pano, pa khadi losonyeza Ringer's wotsala palembedwa 0, ndipo mvula yoyamba ikangogwa zitsime zidzadzaza zonyansa, ana otsegula m'mimba adzayamba kubwera motsatizana. Ngati alipo wina kumtundako amene ali ndi katoni yotsala pang'ono kutha nthawi, atibwereke, tilemberana pepala bwinobwino. Wanjinga yamoto ndimulipira ndekha.