Loweruka ku Phokeng, kwa eni ng'ona

Lero ndadzuka mbandakucha ngakhale kuti Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimapuma kuntchito, chifukwa alamu anga anandilonjeza kalekale kuti adzandionetsa bwalo la mpira la Royal Bafokeng. Tinanyamuka ku Mayfair pa galimoto yawo dzuwa lisanatuluke, tinadzera ku Lanseria ndi ku Hartbeespoort, ndipo titalowa mumsewu wa N4 mapiri a Magaliesberg anatiperekeza mpaka ku Rustenburg. Kuchoka pamenepo kukafika ku Phokeng ndi pafupi.

Phokeng ndi tauni yaing'ono ya Abafokeng, anthu olankhula Chitswana, ndipo munthu wozolowera phokoso la Joni amayamba wadabwa ndi bata lake. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti pakati pa nyumba wamba za anthu pangotulukira chibwalo cholowa anthu oposa 40,000, chimene chinatsegulidwa mu 1999 ndi kukulitsidwa pokonzekera mpikisano wa dziko lonse wa 2010. Kunalibe masewero lero, choncho tinapereka moni wa "Dumela rra" kwa bambo wachikulire amene amalondera pachipata, ndipo atamva kuti ndife a ku Malawi nkhope yawo inawala, natchula dzina la Robert Ng'ambi. Mtima wanga unadzaza. Ng'ambi anasewera zaka zambiri mu timu ya Platinum Stars, imene kwawo kunali pabwalo lomweli, ndipo mu 2013 timuyi inatenga zikho ziwiri, cha MTN8 ndi cha Telkom Knockout, pogonjetsa Orlando Pirates kawiri konse. Ankaitcha Dikwena, kutanthauza ng'ona, pakuti ng'ona ndiyo chizindikiro cha fuko la Abafokeng. Mu 2018 timuyi inagulitsidwa ndi kusamukira ku Cape Town, ndipo bambowo anaifotokoza nkhaniyi motsitsa mawu ngati munthu wonena za maliro.

Anatilola kulowa kwa kanthawi kochepa. Ndinakhala pampando umodzi mwa mipando yopanda anthuyo, ndikuyang'ana kapinga ndi njira ya othamanga imene yazungulira bwalolo, ndipo ndinakumbukira usiku wa pa 26 June 2010, pamene tinadzazana m'kanyumba koonetsera mpira kwathu ku Ntcheu kuonera Ghana ikulimbana ndi United States. Kevin-Prince Boateng anamwetsa chigoli choyamba, Landon Donovan anabweza pa penate, kenako m'nthawi yowonjezera Asamoah Gyan anathira chachiwiri, ndipo Ghana, timu yokhayo ya mu Africa imene inali itatsala, inapita mu ndime ya matimu asanu ndi atatu. Usiku umenewo sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzaona ndi maso anga malo amene Gyan anathamangapo. Alamu anandilozera magolo, nati: "Alamu, pabwalo lomwelinso m'pamene goloboyi wa England, Robert Green, anaphonya mpira wophweka uja." Iwo anaseka, koma ine maganizo anali akadali kwa Gyan.

Titatuluka tinayenda wapansi kuzungulira dera la bwalolo, kudutsa masitolo ndi malo okwerera mataxi, mpaka tinapeza pogulitsa nyama yowotcha ndi nsima, imene kuno amati pap. Tikudya, alamu anandifotokozera kumene chuma cha tauni yaing'ono chotere chinachokera, ndipo iyi ndiyo nkhani imene yandikhala mumtima. M'zaka za m'ma 1800, azungu atalanda dziko, mfumu ya Abafokeng, August Mokgatle, inatumiza anyamata ake kukagwira ntchito ku migodi ya dayamondi ku Kimberley, ndipo gawo la malipiro awo linasonkhedwa kuti fuko ligulenso malo a makolo ake. Popeza malamulo a nthawiyo sankalola munthu wakuda kulembetsa malo m'dzina lake, malowo analembedwa m'maina a amishonale. Patapita zaka kunapezeka kuti pansi pa nthaka yomweyo pali miyala ya platinum, ndipo ndalama zochokera ku migodi imeneyi ndizo zamanga misewu, sukulu ndi bwalo limene tinali titangotulukamo. Bwalolo mwini wake ndi fuko, limene lero likutsogoleredwa ndi Kgosi Leruo Molotlegi.

Nsima inandizizirira m'manja chifukwa ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anabwera kuno pa Theba ali mnyamata, nabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa yawo. Iwonso anakhetsa thukuta pansi pa nthaka ya dziko lino monga anyamata a Mokgatle aja, koma panalibe wowasonkhanitsira malipirowo, ndipo njingayo inatha ndi dzimbiri kuseri kwa nkhokwe. Ine ndatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Joni, ndipo ndalama zimene ndimatumiza kumudzi zimathera pa feteleza, fizi ndi matenda, zinthu zofunika zonse, koma zosasiya chooneka.

Tinabwerera madzulo, magetsi a Johannesburg atayamba kuonekera patali. Nditangolowa m'chipinda changa ndinaimbira foni mayi kuwafunsa ngati malo aja a m'mbali mwa dimba lathu akadali ogulitsa, ndipo anandiyankha kuti mawa akatuluka m'tchalitchi adzera kwa amfumu kukafunsa.